Kodi mumadziwa kuti makuponi a feteleza anadyapo K16 pa K100 iliyonse ya bajeti?

M'chaka cha 2008/09, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya FISP inadya pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya Malawi. Chaka chimenecho feteleza anakwera mtengo kwambiri padziko lonse.

Ndondomekoyi inayamba mu 2005, pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ng'amba itawononga chimanga. Banja losankhidwa linkalandira makuponi ogulira mbewu ndi matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50.

Phindu silinkathera pa mwini kuponi yekha. Mabanja ambiri akumudzi nkhokwe imawathera asanakolole china, ndiye amadalira chimanga chogula. Chikachuluka pamsika chifukwa cha fetelezayo, mtengo umatsika, ndalama ya ganyu n'kugula chochulukirapo.

Koma kumapiri ngati ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, thumba lotsika mtengo limakweranso panjira, chifukwa kulifikitsa kumunda kumafuna ndalama yolipira galimoto kapena wosenza. Mabanja ena osaukitsitsa ankangogulitsa kuponiyo n'kugula ufa wa lero.

Mu 2020 FISP inalowedwa m'malo ndi ndondomeko ina yotchedwa AIP.