Kumvetsa mawu oti "afraid"

Ana amene ndimawaphunzitsa Chingelezi kuno ku Tamanda amakonda kulemba kuti "an afraid boy". Ndimawauza kuti mfotokozi ameneyu sakhala patsogolo pa dzina, amatsatira mneni: "The boy is afraid." Patsogolo pa dzina timaikapo "frightened".

Chinthu choopedwacho chimabwera pambuyo pa "of": "afraid of snakes", kuopa njoka. Chimene munthu akuopa kuchita chimatsatira "to": "afraid to cross", kuopa kuwoloka.

Komanso kalaliki ku Chipata akati "I'm afraid the office is closed", sikuti wagwidwa mantha ayi. Akupepesa mwaulemu kuti ofesi yatsekedwa. Makolo, limbikitsani ana kuwerenga ziganizo zotere mokweza, chifukwa khutu likazolowera, savutika pa mayeso.