AGALU AKOKA ZILEYI M'DZIKO LA CISANU

Ku Alaska, cigawo ca dziko la America cimene ciri kumpoto kweni-kweni, galu sali ciweto cosakira akalulu kapena colonda pakhomo cabe. Kumeneko agalu amangidwa awiri-awiri pa cingwe cacitali, nakoka anthu ndi katundu monga momwe ng'ombe zikokera cileyi m'midzi ya ku Katete ndi ku Petauke.

Cifukwa cace ndi cisanu. M'miyezi yozizira mvula ya kumeneko siigwa ngati madzi, koma ngati ufa woyera, umene uchedwa cipale cofewa, ndipo uunjikana mpaka kubisa njira, zitsa ndi mipanda. Mitsinje iuma pamwamba niikhala gwa ngati mwala, kotero kuti munthu ayenda pa mtsinje waukulu wa Yukon ngati pa mseu. Gudumu limira m'cipale, koma cileyi cingotsetsereka. Woyendetsa aimirira kumbuyo kwa cileyi, alibe cingwe coongolera m'manja. Liu lace lokha ndilo liuza galu wotsogolera kuti akhotere kumanja kapena kumanzere. Aliyense amene analimapo ndi ng'ombe zodziwa maina ao angamvetse ubale umenewu.

Nchito ya agaluwa inamveka pa dziko lonse m'caka ca 1925. M'mwezi wa Januwale ana anali kufa mu mzinda waung'ono wa Nome, m'mbali mwa nyanja ya Bering, ndi nthenda ya difiteriya, imene itseka kukhosi mpaka mwana alephera kupuma. Dotolo anali mmodzi yekha, Curtis Welch, ndipo mankhwala amene anali nao anali atatha mphamvu. Nyanja inali itauma, sitima sikanafika. Ndeke za masiku amenewo zinali zosatseka pamwamba, zosakhulupirika pa cisanu. Mankhwala anapezeka ku Anchorage, natumizidwa pa sitima ya pamtunda mpaka ku Nenana. Kucokera apo panatsala makilomita 1,085, mtunda wofanana ndi kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi kubwereranso, ndipo munalibe mseu.

Akulu a boma anagamula kuti agalu apite. Amuna 20 ndi agalu pafupi-fupi 150 anaikidwa m'malo osiyana-siyana m'njira yonse kuti azilandizana phukusilo usana ndi usiku. Woyamba, Bill Shannon, ananyamuka usiku wa pa 27 Januwale, kuzizira kutafika pa madigiri 50 pansi pa ziro. Cisanu ca mu Juni cimene ciwauza masamba a nthoci ndi matimati ku madimba cifika pa ziro cabe. Awerengi aganize okha za madigiri 50 kupitirira pamenepo. Shannon anafika nkhope itapsa ndi cisanu, ndipo agalu ace atatu anafa pambuyo pace. Ambiri mwa amene analandira phukusilo pambuyo pa iye anali eni nthaka a ku Alaska, anthu onyamula makalata amene anali kudziwa njira monga pakhomo pao. Mmodzi wa iwo, Charlie Evans, agalu ace awiri atalefuka ndi cisanu, anawanyamula pa cileyi, iye mwini nalowa m'cingwe kukoka pamodzi ndi otsalawo.

Gawo loopsa kopambana linagwera Leonhard Seppala, mbadwa ya ku Norway, ndi galu wace wotsogolera, Togo, amene anali nkhalamba ya zaka 12. Iwo anacoka ku Nome kukacingamira mankhwala, ndipo atawalandira pa 31 Januwale, Seppala anayenera kusankha: kulambalala m'mbali mwa nyanja ndi kutaya tsiku lathunthu, kapena kudutsa pa madzi ouma a Norton Sound, amene mphepo ikaomba ang'aluka ndi kutengedwa kunka pakati pa nyanja. Mwana wace wamkazi mmodzi yekhayo anali ku Nome komweko. Anadutsa pa nyanja mu mdima ndi mkuntho, osaona kanthu, atangosiya zonse kwa galu. Togo anayenda makilomita 420 pa ulendo wonsewo, kuposa gulu lina liri lonse.

Gunnar Kaasen ndiye anatsiriza makilomita 85 otsala, motsogozedwa ndi galu wochedwa Balto. M'njira mphepo inagubuduza cileyi, phukusi linagwera m'cipale, ndipo iye analifufuza mu mdima ndi manja osabvala kanthu mpaka analipeza. Analowa mu Nome m'bandakuca wa pa 2 Febuluwale. Ulendo umene makalata anali kuyenda masiku oposa 20 unatha m'masiku asanu ndi theka, popanda botolo ndi limodzi lomwe losweka.

Ulemu unapita kwa amene anaoneka pothera. Caka comweco cifanizo ca Balto cinaimikidwa m'munda wa Central Park ku New York, kumene ciri mpaka lero. Seppala anadandaula nazo moyo wace wonse, ndipo sanalakwe. Koma ngati Togo anamanidwa gawo lace, eni nthaka aja anamanidwa koposa, pakuti manyuzipepala a nthawi imeneyo sanasamale ndi maina ao omwe.

Pambuyo pace ndeke zinalanda nchito ya makalata. Ulendo wotsiriza wa makalata a pa cileyi unatha mu 1963. Kenaka m'midzi munalowa zithuthuthu zoyenda pa cipale, zosafuna kuphikiridwa nsomba tsiku ndi tsiku, ndipo anthu anayamba kuleka kuweta agalu. Izi zinawawa mwamuna wina, Joe Redington, amene pamodzi ndi mai Dorothy Page anaganiza kuti ngati galu sangapikisane ndi makina pa nchito, masewera angamsunge. Ambiri aganiza kuti mpikisano wa Iditarod unayambika pokumbukira mankhwala aja, koma colinga ca Redington cinali kupulumutsa agalu ndi njira yakale ya okumba golide, imene inali kutsekeka ndi thengo.

Mpikisano woyamba unacitika mu Malici 1973, kucoka ku Anchorage kufika ku Nome, mtunda wa makilomita ngati 1,600. Ananyamuka anthu 34, anafika 22, ndipo wopambana, Dick Wilmarth, anatha masiku 20. Masiku ano opambana kawiri-kawiri afika pa masiku 8 kapena 9. Amuna ndi akazi apikisana pamodzi. Mu 1985 Libby Riddles ananyamuka pa mudzi wa Shaktoolik m'kati mwa mkuntho, anzace atakhala pansi kuyembekeza kuti mphepo ileke, nadutsa pa Norton Sound pomwe paja, ndipo anakhala mkazi woyamba kupambana. Susan Butcher anapambana kanai pakati pa 1986 ndi 1990. Wofika pambuyo pa onse sasekedwa ai: apatsidwa nyali yofiira, cizindikiro ca munthu wosabwerera m'njira.

Malamulo akakamiza aliyense kunyamula nkhwangwa, thumba logonamo, cophikira ndi tinsapato tobveka agalu kuti madzi ouma asawaceke ku mapazi. Ayeneranso kupumula maora 24 pa malo amodzi, ndi maora 8 pa malo ena awiri. Pofika pa cigono woyendetsa sayamba wadya iye. Ayala udzu wa agalu, asungunula cipale, awaphikira nyama, nsomba ndi mafuta, ndipo madotolo a ziweto apima galu aliyense. Wodwala atsala, nabwezedwa pa ndeke. Ngakhale ziri tero agalu amafa ndithu; mu 2024 anafa atatu, ndipo mabungwe oteteza nyama afuna kuti mpikisanowu uthe. Oyendetsa ayankha kuti agaluwa abadwira kuthamanga, ndi kuti cobvuta si kuwayendetsa koma kuwaimika. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, koma galu wakufa sabwerera cifukwa ca mfundo.

Mdani wina ndi nyengo, imene irikufunda msanga ku maiko a kumpoto. Mu 2003, 2015 ndi 2017 cipale cinacepa kotero kuti poyambira panasamutsidwa kunka ku Fairbanks, kumpoto. Mu 2016 sitima inacita kututa cipale ku Fairbanks kudza naco ku Anchorage pokonzekera mwambo wotsegulira. Kudyetsa agalu ambiri caka cathunthu nakonso kwakwera mtengo, ndipo opikisana, amene anali 96 mu 2008, acepa.

Mu 2025, patapita zaka 100 cicitikire ulendo wa mankhwala, kusowa kwa cipale kunabwezanso mpikisano ku Fairbanks. Motero njira inadzera pa Nenana, pamene Shannon analandirira phukusi lija, niitsata mtsinje wa Yukon. Ananyamuka anthu 33, ndipo woyamba kulowa mu Nome anali Jessie Holmes.