Pokhoma Tenti ku Livingstonia, Yambani Mwaonana ndi Eni Nthaka

Msewu wa Gorodi, umene umachoka pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja n'kukwera phiri mpaka ku Livingstonia m'boma la Rumphi, ndi wa makilomita 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo woyenda pansi amatha maola angapo akutuluka thukuta asanaone denga la tchalitchi. M'chilimwe mumsewumu mumapezeka anthu obereka zikwama zikuluzikulu, tenti ataipinda n'kuimangirira pamwamba. Ambiri ndi ochokera kunja, koma masiku ano mumaonekanso ophunzira a m'makoleji ndi magulu a achinyamata ochokera ku Mzuzu ndi Lilongwe, amene chipinda cha ku loji sangachikwanitse koma akufuna kuona mathithi a Manchewe ndi maso awo. Onsewa amafuna chinthu chimodzi: malo abata, opanda phokoso la jenereta ndi nyimbo za kubala, poti akhome tenti. Malo otere sapezeka pa mapu a pafoni, ndiponso sapezeka polowerera m'tchire kusaka pamene palibe mwini. Amapezeka kudzera mwa eni nthaka, ndipo eni nthakawo ndi amene akuyenera kumadya thukuta la malo awo.

Chimene chimakokera anthu kuphiriku n'chakale. Amishoni a ku Scotland anayamba ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo atatopa ndi kuika maliro a anzawo ofa ndi malungo, Dr Robert Laws anakweza mishoniyo kupita pamtunda wa Khondowe mu 1894. Kamphepo kayeziyezi kamene Laws ankafuna ndi komwekonso kamene kamagonetsa tulo munthu wa m'tenti, pamene mnzake kunyanja akulimbana ndi kutentha ndi udzudzu. Nyumba yamiyala ya Laws, Stone House, ikadalipo ndipo muli zinthu zakale zoti anthu aone. Makilomita ochepa musanafike pamishoni pali mathithi a Manchewe, otalika pafupifupi mamita 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga limene Aphoka ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Chapafupi pomwepo, m'mphepete mwa chiphompho, pali malo ogona alendo a Mushroom Farm ndi Lukwe, amene amalandira anthu a matenti. Malo awiriwa akuonetsa kuti munthu wa tenti sagula zambiri. Amafuna pogona posalala, madzi, chimbudzi chaukhondo, mtendere wamumtima kuti katundu wake sasowa, ndi poponya maso kutacha. Pazinthu zonsezi palibe chimene mudzi wolongosoka ungalephere kupereka.

Vuto limayamba ndi maganizo akuti tchire lilibe mwini. M'maiko ena malamulo amalola munthu kugona usiku umodzi pamalo alionse osalimidwa, ndipo alendo ena amabwera ndi chizolowezi chimenecho m'chikwama. Kuno sizili choncho. Nthaka yambiri ya kumudzi ili m'manja mwa mabanja ndi mafumu, ndipo lamulo la malo a kumudzi la mu 2016 linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo amenewa. Nkhalango zotetezedwa zili ndi nthambi ya boma yoziyang'anira, nayo paki ya Nyika ili ndi alonda ake ndi zipata zake. Tsala limene mlendo akuliona ngati thengo ndi munda wa munthu umene ukupuma, ndipo mwini wake akudziwa malire ake mtengo ndi mtengo. Choopsa koposa n'chakuti malo amene amaoneka abwino kwambiri kukhomapo tenti ndi amene sayenera kupondedwa n'komwe. Pakati pa minda yoyera mbee pamakhala kankhalango ka mitengo ikuluikulu yamthunzi, pansi pali phee, nkhuni zouma zili mbwee chifukwa palibe amene amatolamo. Mwana wa m'mudzimo amadziwa kuti amenewo ndi manda. Mlendo wotopa amangoona mthunzi ndi nkhuni zaulere, ndipo kukacha mlandu umene angaupalamule sungathe ndi kungopepesa.

Palinso chifukwa china chimene anthu a m'dera lino amayang'anira mlendo wokhoma zikhomo ndi diso lakuthwa. Pamene boma linakuza malire a Nyika mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa pamalo a makolo awo, ndipo nkhani imeneyo sinaiwalike. Kwa munthu amene agogo ake anachotsedwa pamalo, mlendo wosadziwika amene akupima nthaka ndi mapazi n'kumakhoma tizitsulo sakuchita masewera. Mlendoyo angadabwe kuona abambo atatu atamuimirira madzulo n'kumufunsa amene wamutuma, koma abambowo sanalakwe.

Kufunsa kwake si kovuta monga ena amaganizira. Wa kabaza amene wakukwezani phiri, mayi wa pagolosale kapena mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale angakulozereni kwa amfumu. Mufike dzuwa likadali m'mwamba, chifukwa mlendo wofika kutada amaopsa ngakhale atakhala wabwino mtima. Munene odi, mukhale pansi pamene akupatsani, mulonjerane, kenako mufotokoze kumene mwachokera, kuchuluka kwanu ndi masiku amene mugone. Za ndalama mugwirizane tenti isanatuluke m'thumba. Chimene mumapeza pamenepo chimaposa chilolezo. Munthu amene amfumu akupatsani kuti akuperekezeni amadziwa kuti kadambo kokongolako kamadzaza madzi mvula ikagwa kumtunda, kuti pansi pa mtengo wamthunziwo pamadutsa linthumbu usiku, kuti pamphumi pa chiphompho mphepo ya mu Juni ndi Julayi imazula tenti yosamangidwa bwino, ndiponso kuti kasupe wakumtunda ndi womwa, wochapira ndi wakumunsi. Mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, adzakuuzani kuti musagone m'udzu wautali chifukwa moto wolusa suchenjeza. Zonsezi foni singakuuzeni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ena anganene kuti zikatero kukoma konse kwa tenti kwatha. Munthu amathawa m'tauni kuti akakhale yekha, ndiye mukumuuza kuti ayambe wakhala pabwalo la amfumu, kenako adzuke m'mawa ana khumi atamuzungulira akumuonerera akuwiritsa tiyi. Dandaulo limeneli lili ndi mbali yake yoona, ana amabweradi. Koma wobisala ndi amene amaonereredwa kwambiri, pakuti m'dera lokhala anthu ngati limeneli palibe tenti imene ingagone usiku umodzi osaonedwa ndi wotola nkhuni kapena wodyetsa mbuzi. Mlendo wa amfumu ali ndi womulankhulira. Mawu amodzi a wamkulu, akuti alendowa asiyeni apume, amabalalitsa ana msanga kuposa mpanda. Chitetezo nachonso chimayenda chimodzimodzi. Tenti ilibe chitseko, ndipo chimene chimateteza chikwama cha mlendo ndi chakuti mudzi wonse ukudziwa kuti chikasowa, manyazi agwera mwini mudzi.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la ukhondo ndi chilengedwe, ndipo silofunika kulipeputsa. Anthu 15 akagona pamalo opanda chimbudzi kwa masiku awiri, zimene asiya m'tchire zimatsikira kumtsinje ndi mvula yoyamba, ndipo kumunsi kuli anthu akumwa madzi omwewo. Dziko lino likukumbukira kolera imene inayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhata Bay inawasautsa kwambiri. Palinso nkhuni: gulu lililonse limafuna moto waukulu wowotha usiku, pamene mapiri a kuno akutha kale ndi makala ndi kutsegula minda. Mabotolo apulasitiki ndi zitini sizivunda. Koma tikaunika bwino, zonsezi ndi milandu ya kugona mwachisawawa, ndipo zikuikira umboni mfundo yoti pakhale malo odziwika. Mudzi ukapatula kamalo kamodzi, n'kukumba chimbudzi chakuya kutali ndi kasupe, n'kumanga bafa laudzu, n'kuika mafuwa pamalo amodzi okolezera moto ndi dzenje la zinyalala, vuto limene likanamwazikana phiri lonse limakhala pamalo amodzi pamene pali woliyang'anira. Nkhuni zizigulidwa kwa amayi a m'mudzimo pamtolo, mlendo asamathyole yekha. Kuletsa matenti sikungathandize, chifukwa anthu akubwerabe. Angoyamba kubisala, ndipo wobisala sakumba chimbudzi.

Mwina wina angaseke n'kunena kuti zonsezi n'zachizungu, Mmalawi sagona panja mwadala. N'zoona kuti kwa ambiri tenti imakumbutsa zowawa. Timaiona pamaliro, tinaiona m'misasa ya anthu oposa theka la miliyoni amene namondwe wa Freddy anawasowetsa pokhala mu Malichi 2023, ndipo munthu amene wavutika kuti afolere nyumba yake ndi malata samvetsa mnzake wolipira ndalama kuti agone pansi. Komatu kugona panja si kwachilendo kuno. Asodzi a usipa amamanga misasa m'madooko n'kukhalamo nyengo yonse. Alimi amagona m'zilindo kulondera chimanga. Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist amachita misonkhano ya misasa chaka ndi chaka, mabanja athunthu atanyamula mphasa ndi mapoto. Chachilendo n'kugona panja pongofuna kuona dziko, ndipo chimenechi chikukula pakati pa achinyamata chifukwa cha mtengo. Malo ambiri ogona alendo m'madera okopa alendo mitengo yake amaiwerengera m'madola, ndipo kwacha ikagwa Mmalawi ndi amene amayamba kutsala panja. Kwa mphunzitsi wa ku Karonga amene akufuna kuonetsa ana a sukulu phanga la Manchewe ndi nyumba ya Laws, zimene amangoziwerenga m'buku, tenti yobwereka ndi bwalo lotetezeka ndiyo njira yokhayo imene thumba lingalole.

Nanga ndalama yake ndi yochuluka bwanji kuti mudzi uvutikire? Si yambiri, ndipo wolonjeza anthu chuma kuchokera m'matenti akuwanamiza. Mvula ikayamba mu Disembala alendo amachepa mpaka Epulo, ndipo ngakhale m'chilimwe pamatha masabata bwalo lili lokhalokha. Ubwino wake ndi wakuti mpamba wake ndi wochepa, ndipo ndalama imene yalowa siituluka msanga. Munthu wa tenti sanyamula chakudya cha masiku atatu pokwera Gorodi. Amagula mazira, nthochi, chinangwa, tomato ndi nkhuku pomwepo, amalipira mayi womuphikira nsima, amalemba mnyamata womulondolera ku phiri la Chombe. Eni maloji sayenera kuda nkhawa, chifukwa wofuna bedi ndi madzi otentha adzapitabe kwa iwo. Chimene chingaphe ntchitoyi ndi chimene chapha ntchito zambiri za m'midzi: ndalama kuthera m'thumba la munthu mmodzi. Amfumu akamalandira okha, osanena kuti zalowa zingati, pakangopita miyezi yochepa chimbudzi chimagwa, mlonda amaleka kubwera, ndipo anthu amayamba kuona mlendo ngati wa amfumu osati wa mudzi. Pafunika kabuku kolembamo dzina la mlendo ndi zimene walipira, mtengo wolembedwa pachikwangwani kuti pasakhale wa mzungu ndi wa wakuda wosinthasintha ndi nkhope, komanso komiti imene muli amayi, popeza ndiwo adzatunge madzi a alendowo.

Kale Gorodi ankasefa alendo, ofooka ankabwerera pa Chitimba. Tsopano msewu wa phula wochokera ku Njakwa wafewetsa ulendo, ndipo ku Livingstonia kuli yunivesite kuyambira 2003, kutanthauza kuti achinyamata ndi abale awo odzawaona sadzasiya kubwera. Khonsolo ya Rumphi siyenera kudikira wamalonda wamkulu kuti adzagule mphepete mwa phiri n'kumangapo mpanda. Ikhale pansi ndi mafumu a m'derali, apatule malo awiri kapena atatu kutali ndi manda ndi akasupe, alangizi a zaumoyo aone zimbudzi, ndipo pa Chitimba ndi pamishoni paikidwe zikwangwani zolozera kumalowo. Inu amene mukukonzekera kukwera phirili ndi tenti m'chilimwe, musadikire zikwangwanizo: nyamukani m'mawa kuti mukafike kukadawala, ndipo mukafunse kwa amfumu musanakhome chikhomo choyamba.