MUSANASINTHE KAMPANI YA LAMYA, GANIZIRANI NAMBALA YANU

Alimi anzathu a ku Nkhamenya ndi madera ozungulira, msika wa fodya ukamayandikira ambiri a inu mumayamba kudandaula za lamya zanu za m'manja. Ena amati kumudzi kwao netiweki imavuta mpaka akwere pachulu, ena amati mayunitsi akutha msanga. Motero funso limene alimi amafunsa kaŵirikaŵiri ndi lakuti: kodi nkotheka kusamukira ku kampani ina koma nambala nkukhala yomweyo?

Kuno ku Malaŵi makampani aakulu a lamya za m'manja ndi aŵiri, TNM ndi Airtel. Nambala yoyamba ndi 088 timaidziŵa kuti ndi ya TNM, yoyamba ndi 099 ndi ya Airtel. Mlimi akagula simu khadi ya kampani ina amalandiranso nambala ina. Achikulire akukumbukira kuti Celtel inasanduka Zain m'chaka cha 2008, ndipo Zain inasanduka Airtel m'chaka cha 2010, anthu osataya nambala zao. Pamenepo chinasintha ndi mwini wake kapena dzina la kampani. Sikuti anthu anasamuka ai.

 Ku South Africa, kumene ana athu ambiri a muno m'Kasungu ali pantchito, njira yosamuka ndi nambala inayamba m'chaka cha 2006. Ku Kenya ndi ku Ghana inayamba m'chaka cha 2011, ku Nigeria 2013, ndipo kwa anansi athu a ku Tanzania 2017. Munthu wa ku Joni akatopa ndi Vodacom amatenga simu khadi ya MTN kapena Cell C, nkuilembetsa ndi chiphaso chake, kenaka nkupempha kampani yatsopanoyo kuti imtengere nambala yake yakale. Makampani aŵiriwo amauzana okha, ndipo nambalayo imalembedwa m'kaundula mmodzi wosonyeza kumene yapita, kuti oimba onse aziipeza. Chimene amataya ndi mayunitsi otsala pakhadi yakale, ndipo ngati anali ndi ngongole kapena pangano ndi kampani yakale, ayenera kulipirabe.

Zimenezi zikukukhudzani inu makolo. Mwana wanu wa ku Joni angathe kusintha kampani popanda kusintha nambala. Tsono mukalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo wonena kuti iye wasintha nambala, mutumize ndalama pa yatsopanoyo, musafulumire. Yambani mwaimba pa nambala yakale, mumve mawu ake ndi makutu anu. Akuba ambiri adyera alimi ndalama za fodya m'njira imeneyi.

Nanga inu amene muli kuno muchite chiyani? Choyamba, ŵerengani zinthu zimene zamangirira pa nambala yanu. Ngati muli pa mgwirizano ndi kampani yogula fodya, mlangizi wake ali ndi nambala imeneyo. Tcheyamani wa kalabu ndi mwini galimoto wonyamula mabelo kupita ku Chinkhoma, ku Mzuzu kapena ku Kanengo amakupezani pa nambala yomweyo. Banki imene imalandira ndalama zanu fodya akagulidwa imatumiza uthenga pamenepo. Ndiponso kuchokera pamene Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012 ndi Mpamba m'chaka cha 2013, nambala inasanduka chikwama. Ndalama za Mpamba sizikutsatani zokha ku Airtel, ngakhalenso za Airtel Money ku TNM.

Chachiŵiri, musataye khadi yakale tsiku limene mwagula yatsopano. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lamya zambiri za masiku ano zili ndi malo a makhadi aŵiri. Ikani onse aŵiri, muyese netiweki yatsopanoyo kunyumba, kumunda ndi kuchigafa kwa milungu ingapo. Mwina imene imagwira bwino pamsika wa Nkhamenya, m'mbali mwa msewu wa M1, kudimba kwanu siifika.

Chachitatu, khadi yakaleyo muziigwiritsa ntchito nthaŵi ndi nthaŵi. Khadi ikagona nthaŵi yaitali osaimbira kapena kuthiramo mayunitsi, kampani imaitseka, ndipo pambuyo pake nambalayo imapatsidwa kwa munthu wina. Taganizani uthenga wa ku banki wonena za ndalama za mabelo anu ukufikira mlendo!

Chachinayi, khadi yatsopano ilembetsedwe m'dzina lanu. Kuyambira m'chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Musalole kuti mwana, mlamu kapena wogulitsa pamsika aikepo chiphaso chake pofuna kufulumira. Khadi ikadzatayika, amene angapatsidwe ina ya nambala yomweyo ndi mwini chiphasoyo, osati inu.

Chachisanu, ngati mwatsimikiza zosamuka, tapani ndalama zonse za m'khadi yakale, kenaka pitani nokha ku banki ndi chiphaso chanu mukasinthitse nambala. Uzani mlangizi, mlembi wa kalabu ndi wonyamula fodya, ndipo muone ndi maso anu kuti alemba nambala yatsopano m'mabuku mwao. Nambala za anzanu zimene zili m'khadi yakale zilembeni m'kope.

Pomaliza, sankhani nthaŵi yabwino. Kusintha nambala fodya ali pamsika nkudziputira mavuto, chifukwa belo likabwezedwa kapena tsiku logulitsa likasintha, uthenga udzakusoŵani. Nthaŵi yoyenera ndi pamene msika watsekedwa, ndalama zonse zaloŵa, ntchito ya nazale isanakule. Fodya mwamuvutikira kuyambira pofesa mpaka podinda. Samalani nambala imene ndalama zake zidzadzerepo.