Liwiro la Chifundo pa Gombe la Wales ndi Anthu Amene Alichirikiza

M'mwezi wa August chaka cha 2020, Bambo Rhys Jenkins, mbadwa ya dziko la Wales, anafika mu mzinda wa Chepstow atathamanga njira yonse yotsata gombe la nyanja ya dziko lawo, mtunda wa mailosi 870, ndiwo makilomita 1,400, m'masiku 20 ndi maola osakwana 11. Kufikira nthawi imeneyo panalibe munthu wina wodziwika amene anaitha njirayo msanga chotero. Ulendowo anauyenda pofuna kusonkhetsa ndalama zothandizira mabungwe atatu a chifundo, ndipo manyuzipepala anatamanda dzina lawo monga kunayenera. Koma munthu wofuna kumvetsa m'mene ntchito yotere itheka ayenera kuyang'ananso anthu aja amene sathamanga, amene adikira ndi galimoto pa mphambano za misewu, pakuti iwo ndiwo asunga nthawi, thupi la wothamanga ndi mbiri yabwino ya ulendo wonse.

Njira Yake

Njira imeneyi, imene itchedwa Wales Coast Path, inatsegulidwa pa 5 May 2012. Iyamba kumpoto, pa malire a Wales ndi England pafupi ndi mzinda wa Chester, nizungulira chilumba cha Anglesey, nidzera ku Aberystwyth, ku St Davids, ku Swansea ndi ku Cardiff, nikathera ku Chepstow kummwera. Boma la Wales linaikonza mogwirizana ndi makhonsolo 16 a maboma ang'ono ndi maulamuliro awiri oyang'anira malo osungidwa, ndipo gawo lina la ndalama zake linachokera ku thumba la chitukuko la maiko a ku Ulaya. Zigawo zina zinalipo kale: chigawo cha Pembrokeshire, cha mailosi 186, chinatsegulidwa m'chaka cha 1970.

Asaganize munthu kuti popeza njirayo itsata nyanja ndiye kuti ndi yachidikha. M'chigawo cha Pembrokeshire chokha, kukwera ndi kutsika kwake kukwana mapazi ngati 35,000, pakuti njira ikwera pamwamba pa maphompho, nitsikira ku madooko, nikweranso. Kwina ipyola m'mabusa a nkhosa ndi ng'ombe, momwe muli zipata zambiri zoyenera kutsegula ndi kutsekanso. Kwina ipita pamchenga wofewa. Kwinanso ilowa m'misewu ya m'mizinda ndi m'dera la mafakitale la Port Talbot.

Amene Anaithamanga

M'chaka chimene njira inatsegulidwa, Mayi Arry Beresford-Webb anathamanga kuzungulira dziko lonse la Wales, kuphatikiza njira ya gombe ndi njira ya kumtunda ya Offa's Dyke imene itsata malire a England, mtunda wa mailosi 1,027, m'masabata ngati asanu ndi limodzi. Mwa amene anapindula ndi zopereka za ulendo wao munali chipatala cha matenda a khansa cha Velindre ku Cardiff. M'chaka cha 2017, Bambo James Harcombe a ku New Zealand anaitha njira ya gombe m'masiku 20 ndi maola pafupifupi 13, ndipo nthawi imeneyi ndiyo Bambo Jenkins anaipambana patapita zaka zitatu.

Masamu a nkhaniyi ndi ophunzitsa. Kugawa mailosi 870 kwa masiku 20 ndi theka kutuluka mailosi oposa 42 pa tsiku lililonse, pamene mpikisano wotchuka wa marathoni uli ndi mailosi 26 ndi pang'ono. Ndiye kuti wothamanga atha marathoni imodzi ndi theka lero, nagona maola owerengeka, nadzuka kubwereza mawa, kwa masabata atatu osapuma. Tsono kusiyana kwa nthawi ya Bambo Jenkins ndi ya Bambo Harcombe kunali maola awiri ndi mphindi zingapo, kumene kuli ngati mphindi 7 pa tsiku. Mphindi 7 ndizo munthu ataya posakasaka masokosi ouma m'chikwama, podikira madzi a tiyi kuti awire, kapena posokera kamodzi pa mphambano.

Ntchito ya Othangata

Apa ndipo paonekera ntchito ya gulu lothangata. Amene asunga mbiri ya maulendo otere asiyanitsa mitundu itatu: wothamanga ndi gulu lomuthangata, wothamanga yekha amene adzigulira zosowa m'njira, ndi wothamanga amene asenza zonse kuchokera poyambira. Nthawi zao siziyerekezedwa pamodzi, chifukwa onse avomereza kuti thandizo la gulu lisintha ulendo kotheratu.

Pa ulendo wothangatidwa, woyendetsa galimoto atsogola kukafika pamene njira ikumana ndi msewu, kuti wothamanga apeze chakudya, madzi ndi zovala zili zokonzeka, asaime nthawi yaitali. Thupi lothamanga tsiku lonse lifuna chakudya choposa kawiri cha munthu wamba, komabe pakapita masiku mtima ukana kudya, motero wophika akhala ndi ntchito yonyengerera. Wina asamala mapazi, kutsuka ndi kumanga matuza asanasanduke zilonda, pakuti kachilonda kakang'ono ka tsiku lachitatu kangathe kuimitsa ulendo pa tsiku lakhumi. Ena athamanga naye mosinthana, kumtsegulira zipata ndi kuyang'ana zizindikiro za njira pamene kutopa kwamchititsa chidima m'maganizo.

Palinso nkhani ya nyanja yamchere, imene idzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake ichedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku ndi tsiku. Ku Sandy Haven ndi pafupi ndi mudzi wa Dale, m'chigawo cha Pembrokeshire, njira ioloka pamalo pamene apitika pokhapokha madzi ataphwa. Wofika madzi atadzala adikira kapena azungulira mailosi angapo kumtunda. Chifukwa chake wina wa m'gulu awerengeratu nthawi za madzi masiku angapo m'tsogolo, nakonza ora lodzukira ndi malo ogona molingana nazo. Ndipo udindo wolemera koposa ndi wakuti gulu liyenera kudziwa nthawi youza wothamanga kuti aleke, chifukwa munthu amene walonjeza poyera kuthandiza odwala savomera msanga kuti nayenso wadwala.

Za Ndalama

Mabungwe amene Bambo Jenkins anawathamangira anali NSPCC, loteteza ana ku nkhanza, limene linayamba m'chaka cha 1884. Maggie's, losamala odwala khansa ndi abale ao. Ndi CF Warriors, lolimbikitsa ana odwala cystic fibrosis, nthenda yobadwa nayo imene ivutitsa mapapo. Chaka cha 2020 chinali chowawa kwa mabungwe otere chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mpikisano wa London Marathon, umene m'chaka cha 2019 unasonkhetsa mapaundi oposa 66 miliyoni, unachotsedwa m'mwezi wa April kupita ku October, ndipo khamu la anthu silinaloledwe kuthamanga m'misewu ya London. Munthu mmodzi ndi kagulu kake pa njira ya gombe anali mwa zochepa zimene zinali zotheka m'masiku amenewo.

Funso limene anthu oganiza afunsa ndi lakuti kodi mafuta a galimoto, chakudya ndi nsapato sizidya ndalama zimene zikadapita kwa osowa. Funsoli ndi loyenera, ndipo ku Britain liyankhidwa ndi dongosolo. Zopereka zambiri zidzera pa intaneti, m'makampani monga JustGiving, amene azitumiza ku bungwe lenilenilo osadzera m'thumba la wothamanga. Mwa lamulo la Gift Aid, bungwe lilandira kuchokera ku Boma mapeni 25 pa paundi iliyonse imene wokhoma msonkho wapereka. Charity Commission iyang'anira mabuku a mabungwe a chifundo a ku England ndi Wales, ndipo kuyambira m'chaka cha 2016 Fundraising Regulator iyang'anira kapemphedwe ka zopereka. Mtunda nawonso uli ndi umboni wake: wothamanga anyamula kachipangizo ka GPS kamene kasonyeza pamene ali, ndipo kuona kuti kali ndi moto usana ndi usiku ndi ntchito inanso ya gulu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pansi pa dzina limodzi lolembedwa m'nyuzipepala pali ogwira ntchito a makhonsolo amene alambula njira ndi kukonza zipata, alimi amene njirayo ipyola m'mabusa ao, alembi amene awerengera zopereka, ndi anthu ochepa otopa amene agona m'galimoto masabata atatu. Amene afuna kuyesa ulendo wotere achita bwino kuyamba ndi kusankha anthu amenewa, asanagule nsapato.