Nyale Imalasa Tizilombo, Koma Tina Timacira

Amene tinaona bwalo la mpira la Heroes mu Lusaka litasanduka cipatala ca odwala kolera mu 2024, sitifunika kuuzidwa kuti madzi akumwa angathe kupha.

Njira imodzi yoyeretsera madzi ndiyo kuwadutsitsa pa nyale yotulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kochedwa ultraviolet kapena UV. Si njira ya dzulo ai: mzinda wa Marseille ku France unaigwiritsa nchito mu 1910. Kuwalaku sikuphika tizilombo monga ucitira moto. Kumaononga DNA yake, ndiye kuti malangizo a moyo amene ali m'kati mwa kacilombo, kotero kamalephera kuswana.

Koma mu 1949 katswiri wina wa ku America, Albert Kelner, anapeza codabwitsa. Tizilombo tolasidwa ndi UV tikaikidwa pa kuwala wamba, tambiri timacira. Tili ndi cinthu cochedwa photolyase cimene, cikalandira kuwala, cimakonza pamene panaonongeka, monga mai asokera malaya ong'ambika. Tina timadzikonza ngakhale mumdima, ngakhale pang'onopang'ono.

Apa ndipo ine ndimalemekezabe klorini, ngakhale fungo lake ambiri sitilikonda. Iye amatsala m'madzi nalondabe. Koma madzi akangocoka pa nyale, alibenso mlonda.

Tsono ngati mugwiritsa nchito nyaleyi, yambani mwasefa madziwo, pakuti tizilombo timabisala kuseri kwa matope. Asungeni m'cigubu cotseka, cosalowa kuwala, osaviikamo kapu, ndipo musawagoneke masiku.