Kuwalitsa Chithunzi Osawononga Kuonekera Kwake

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani chinthu chimodzi chimene chisautsa ambiri a ife amene tiphunzira kulemba malamulo a kompyuta. Chinthucho ndicho kuwalitsa kapena kudetsa chithunzi chimene mbali zake zina zili zoonekera ngati galasi, monga chizindikiro cha sukulu chimene tiika pa chikuto cha magazini.

Poyamba tidziwe kuti chithunzi cha m'kompyuta chipangidwa ndi timadontho tambirimbiri. M'chithunzi chimene chili ndi mbali zoonekera, kadontho kali konse nthawi zambiri kakhala ndi nambala zinayi, ndipo kawirikawiri nambala ili yonse iyambira pa 0 ndi kulekeza pa 255. Zitatu zoyamba zinena kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu. Yachinayi, imene akatswiri aitcha alpha, sinena za mtundu ai, koma inena ngati diso lingathe kupenya za kuseri kwa kadonthoko. Ikakhala 0 kadontho sikaoneka konse. Ikakhala 255 kaphimba zonse za kumbuyo kwake. Nzeru imeneyi anaiyamba ndi Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith m'zaka za m'ma 1970, ndipo Thomas Porter ndi Tom Duff analongosola masamu ake mu 1984.

Tsono powalitsa tichulukitsa nambala za mitundu, tinene ndi 1.5, ndipo podetsa tizichulukitsa ndi 0.5. Msampha uli pomwepa, pakuti munthu wofulumira achulukitsa zinayi zonse pamodzi. Taonani chimene chichitika. Akadetsa, alpha ya 200 isanduka 100, ndipo chizindikiro chija chiyamba kuonekera ngati nsalu yakutha. Akawalitsa moonjezera 50 pali ponse, malo amene anali 0 akhala 50, motero chizindikiro chizingidwa ndi nkhungu ya ngondya zinayi.

Njira yabwino nayi. Patulani alpha muiike pambali, sinthani zitatu zija, kenaka mubwezere alpha monga inalili. Amene alemba mu Python ndi Pillow apatula ndi lamulo la split ndi kulumikizanso ndi la merge.

Ndikuchenjezeninso pa zinthu ziwiri. Choyamba, nambala isapitirire 255. Mukachulukitsa 200 ndi 1.5 mupeza 300, koma malo ake ngochepa, ndipo m'zilankhulo zina za kompyuta nambalayo izungulira nikhala 44. Pamene munafuna kuwala paoneka mabanga akuda. Chifukwa chake uzani kompyuta kuti nambala ikaposa 255 iziima pa 255 pomwepo.

Chachiwiri, sungani ntchito yanu mu PNG, pakuti JPEG ilibe malo osungiramo alpha. Mukasunga mu JPEG malo oonekera aja adzadzala ndi mtundu umodzi, kawirikawiri wakuda kapena woyera, ndipo thukuta lanu lonse lidzapita pachabe.

Kotero anzanga, pogwira ntchito imeneyi kumbukirani kuti nambala zitatu nzanu kuti muzisinthe, koma yachinayi muisiye mmene munaipezera.